Foni ya mwana wanu imalowanso m'nyumba mwa aneba

Ku Sadzi, monganso ku Chinamwali, ku Chikanda ndi m'malokeshoni ena a mu Zomba, nyumba zambiri n'zoyandikana moti ana a makomo asanu kapena asanu ndi limodzi amakulira pabwalo limodzi. Amatunga madzi limodzi, amapita kusukulu limodzi, ndipo dzuwa likapendeka amasonkhana pakhonde la nyumba imene apezapo mthunzi. Pamalo otere kholo limene lagulira mwana wake foni limaona ngati lachita za m'nyumba mwake ndi ndalama zake, koma foniyo ikangotuluka pakhomo, mitu ya ana a eni imaunjikana pomwepo. Zimene zili mufonimo amaonera limodzi, amene akuimbapo amalankhulanso ndi anzake a mwini foni, ndipo zithunzi zimene ikujambula ndi za ana a makomo onse aja. N'chifukwa chake ndikuti nkhani ya mafoni a ana singathe ndi malamulo a m'nyumba imodziimodzi. Tatha zaka tikukangana za msinkhu woyenera kupatsira mwana foni ndiponso tikudandaula kuti ana amakono samva, koma chimene chikusowa kwambiri ndi khalidwe la makolo kwa makolo anzawo: zoyenera kuchitirana, zoyenera kupemphana, ndi njira yofikirana zinthu zikalakwika.

Tiyambe ndi funso loti foni ya mwana mwini wake weniweni ndani. Kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo polembetsa pamafunika chiphaso. Chiphaso cha unzika munthu amalandira akakwanitsa zaka 16. Izi zikutanthauza kuti nambala iliyonse imene ili m'manja mwa mwana wa Sitandade 6 kapena wa Fomu 1 wosafika zaka 16 inalembetsedwa m'dzina la munthu wamkulu, kaya mayi ake, malume ake kapena munthu wina amene makolo sakumudziwa n'komwe. Malamulo a dziko lino, atasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Eni ake a WhatsApp, Facebook ndi TikTok amati wosafika zaka 13 asatsegule akaunti, ndipo kubetcha n'koletsedwa kwa aliyense wosafika zaka 18, ngakhale tikudziwa kuti kandege kobetchera kamauluka pafoni iliyonse ya intaneti imene ili ndi Airtel Money kapena Mpamba, osafunsa kuti chala chikudinacho n'cha ndani. Mipanda imeneyi kawirikawiri mwana amaidumpha wamkulu wina atamubwereka dzina lake, mwadala kapena mosasamala. Ndiye tikamakamba za zimene mwana wachita pafoni, tikukamba za udindo wa munthu wamkulu amene angatchulidwe dzina, ndipo akuluakulu angathe kugwirizana za mmene angasenzere udindowo.

Ulemu woyamba ndi wakuti munthu asapatse mwana wa mnzake foni, simu khadi, mayunitsi kapena bandulo makolo ake osadziwa, ndiponso asamapemphe nambala ya mwana kwa mwanayo. Lamuloli likhudze aliyense, ngakhale wachifundo: malume amene wabwera kuchokera ku Joni ndi foni yakale m'chikwama, azakhali amene amvera chisoni mtsikana woti anzake onse ali nayo, mphunzitsi wa patitaimu amene akufuna kumatumiza mafunso, mtsogoleri wa kwaya amene akufuna kumalengeza za mapulakatisi. Onsewa angathe kudzera kwa mayi kapena bambo a mwanayo, ndipo palibe chimene angataye. Ena aona ngati uku n'kukayikira abale ndi anthu olemekezeka, koma taganizirani mmene zidyamakanda zimayambira. Sizibwera ndi mawu oipa tsiku loyamba. Zimayamba ndi kupempha nambala, kenako mayunitsi a K500, kenako bandulo, kenako foni imene mtsikana amabisa pansi pa mphasa kapena kusungitsa kwa mnzake. Ngati anthu abwino nawonso amapereka zinthuzi mwamseri, chidyamakanda chimabisala pakati pawo ndipo mwana alibe posiyanitsira. Koma ngati m'dera lonse zikudziwika kuti wamkulu waulemu amadzera kwa makolo, amene walambalala makolo amaonekera poyera, ndipo mwana amazindikira msanga kuti apa pali china chake.

Ulemu wachiwiri ndi wolemekeza lamulo la pakhomo pa mnzako. Pali makomo amene ana saloledwa kugwira foni, pali ena amene amaloledwa Loweruka lokha, ndipo pali ena amene mwana ali ndi yakeyake. Kholo limene lapatsa mwana foni lili ndi udindo womuuza kuti akafika pakhomo pa eni, foniyo ikhale m'thumba mpaka mwini khomo atalola, ndipo asatengere ana a pakhomopo kuseri kwa bafa kukawaonetsa zimene makolo awo anakana. Nalo kholo limene silifuna foni pakhomo pake lili ndi malire. Lingathe kuuza mwana wobwera kuti pano sitigwiritsa ntchito foni, isunge kapena ubwerere nayo kwanu, koma lisamulande, lisafufuze mauthenga ake, ndiponso lisamunyoze pamaso pa anzake, chifukwa ntchito imeneyo ndi ya makolo ake. Chimene chimaononga kwambiri ndi mawu amene akuluakulu amalankhula ana akumva. Wina amati a uje aja ngotsalira, akulera ana ngati tili m'nthawi ya atsamunda. Winayo amati a uje aja ngolekerera, mwana wawo adzawabweretsera mimba. Mawu otere ana amawatola n'kukawatula pabwalo, ndipo mwana amene wamva kwawo kuti aneba ndi otsalira sadzamveranso aneba aja tsiku limene adzamuchenjeze za ngozi yeniyeni.

Ulemu wachitatu ndiwo mutu wa nkhani yonse, ndipo ndi umene foni yationongera kwambiri ife akuluakulu. Makolo athu ankati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma mawuwa ankayendera limodzi ndi dongosolo. Ukaona mwana wa mnzako akulakwitsa, unkadikira madzulo, n'kupita wekha, kuodira, kukhala pansi, kulonjerana, kenako n'kunena kuti amake a uje, ndabwera ndi kankhani, ndimati mumve kwa ine musanamve kwina. Nkhani inkathera pamkeka pomwepo ndipo mwana ankadzudzulidwa mbiri yake ili yosungika. Lero munthu akaona uthenga kapena chithunzi cholakwika cha mwana wa mnzake, amachijambula n'kuchiponya m'gulupu ya makolo a sukulu, ya kumpingo kapena ya banki mkhonde, n'kulemba pansi pake kuti makolo tiyeni tisamale ana athu. Amadziona ngati wachenjeza anthu, koma zoona zake wamuika mwana uja pamsika. Amene akukayika za liwiro la zinthu zotere akumbukire chaka cha 2020. Mayeso a MSCE, okonzedwa ndi bungwe la MANEB lomwe likulu lake lili mu Zomba mommuno, anabooka n'kuyamba kuyenda m'mafoni, mpaka nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, mayi Agnes NyaLonje, analengeza mu Novembala kuti mayesowo athetsedwa, ndipo ana a dziko lonse anakalembanso mu Januwale 2021. Boma lathunthu linalephera kubweza mapepala amene anali atalowa m'mafoni. Nanga mayi wa ku Sadzi angabweze bwanji chithunzi cha mwana wake chimene chafika kale ku Matawale, ku Ndirande ndi ku Johannesburg? Ndipo tisaiwale kuti lamulo la mu 2016 lokhudza zochitika pa intaneti limati kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana ndi mlandu. Kunena kuti ndimangochenjeza anzanga sikuchotsa mlanduwo.

Komatu njira yopita pakhomo ingabwerere pokhapokha olandira uthenga ataphunziranso kulandira. Anthu ambiri anasiya kunena zimene aona chifukwa anayesapo n'kubwerako atatukwanidwa. Kholo likangomva dzina la mwana wake limadzuka n'kuyamba kufunsa kuti inu ana anu ndi angelo kodi, kapena kunena kuti ndi nsanje chabe chifukwa mwana wanga ali ndi foni yodula. Ena amathamangira kukauza mwana kuti a uje ndi amene akunenera, ndipo mawa lake mwana wa wonena uja amasalidwa kapena kumenyedwa panjira ya kusukulu. Mapeto ake dera lonse limadziwa kuti mtsikana wakuti amalankhula ndi bambo wakuti usiku, kapena kuti mnyamata wakuti akutha ndalama za geni ya mayi ake pa kandege, koma makolo ake okha ndiwo osadziwa, mpaka adzamve kuchipatala kapena kupolisi. Wobwera kudzakuuza za mwana wako wakuchitira zachibale. Mulandire, mumvetsere mpaka amalize, muthokoze ngakhale mumtima mukukayika, mufufuze mwakachetechete, ndipo musamuulule. Pali malire amodzi okha amene tonse tiyenera kuwadziwa. Ngati nkhani ikukhudza munthu wamkulu amene akunyengerera mwana, kumuopseza ndi zithunzi kapena kumugwiririra, imeneyo yapitirira pa ulemu wa pakati pa aneba, ndipo kuikambirana pachibale n'kumupereka mwanayo kachiwiri. Ipite ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena muimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, lomwenso likulu lake lili mu Zomba.

Ulemu wachinayi ndi wokhudza zithunzi zimene timajambula ndi mtima wabwino. Pa phwando la tsiku lobadwa, pa mwambo wotsekera sukulu ya mkaka, pa ulendo wa kwaya wokwera phiri la Zomba kukaona damu la Mulunguzi, wamkulu aliyense amatulutsa foni, ndipo pofika madzulo nkhope za ana makumi awiri zili pa sitetasi ndi pa Facebook. Wojambulayo amaona mwana wake yekha, koma pachithunzipo pali ana a eni, atavala yunifolomu imene ikuuza aliyense sukulu imene amaphunzira. Pakati pawo pangakhale mwana amene mayi ake anathawa naye nkhanza za m'banja ndipo sakufuna kuti adziwike kumene ali, kapena mwana wamasiye amene nkhani ya womusunga ili m'khoti. Chimodzimodzi ndi chizolowezi choponya m'gulupu pepala lonse la zotsatira za mayeso a kalasi, kuti aliyense aone mwana amene wakhala nambala yomaliza, kapena mndandanda wa ana amene sanalipire ndalama ya chitukuko. Lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024 limafuna kuti mabungwe ndi makampani apeze chilolezo cha kholo asanagwiritse ntchito mbiri ya mwana. Ngati kampani ikuyenera kupempha, mneba amene amabwerekana nawe mchere sangavutike kufunsa kuti kodi ndingaike chithunzichi, popeza mwana wanu alipo.

Ndikudziwa kuti pali amene anena kuti mwana ndi wanga, foni ndagula ndi thukuta langa, ndipo palibe wa komiti kapena mneba amene angandiuze kaleredwe. Pa mbali yogula akunena zoona, ndipo palibe pamene ndanena kuti wina aletsedwe kugulira mwana wake foni. Ufulu wa kholo pa mwana wake ndi weniweni. Koma ufulu womwewo alinso nawo mnzanu wa khomo loyandikana, amene wasankha kuti mwana wake wa zaka 10 asaone mafilimu ena, ndipo chisankho chakecho chimatha mphamvu mwana wanu akamafika ndi foni yodzaza mafilimuwo. Amene akuti asandiuze zochita, iye akuuza kale anzake zochita kudzera m'thumba la mwana wake. Akuluakulu anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo nkhuyu za pafoni zimapota ngakhale wamkulu amene sanagule. Mgwirizano umene ndikunenawu suchotsera aliyense ulamuliro pakhomo pake. Umangoonetsetsa kuti ulamuliro wa wina usathere pamene mwana wa mnzake walowa pampanda.

Ena anena kuti foni ndi sukulu, ndipo kulankhula motere n'kubwezera ana m'mbuyo. Nawonso ali ndi mfundo. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana amene anali ndi foni ndi bandulo anapitiriza kupeza manotsi ndi mapepala a mayeso akale pamene anzawo anangokhala. Mwana wa ku Sadzi amene akulota zokaphunzira ku Yunivesite ya Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco, akapeza kuti kumeneko zambiri zimayendera pafoni ndi pakompyuta. Palinso ana amene mayi awo ali ku Joni ndipo foni ndiyo njira yokha yomvera mawu awo, ndi ena amene amabwerera mochedwa ku patitaimu pa kabaza. Zonsezi n'zoona, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimafuna kuti mwana wa pulaimale agone ndi foni ya intaneti kuchipinda, kapena kuti wamkulu wachilendo akhale ndi nambala yake. Kuimba ndi kulandira, foni ya mabatani imakwanira. Kuwerenga, foni ya pabanja imene imagwiritsidwa ntchito pabalaza imakwanira. Ndipo mayiko amene intaneti inafika kale m'nyumba iliyonse ndiwo akutsogola pochepetsa. France inaletsa mafoni m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15 mu 2018. Lipoti la UNESCO la mu 2023 linalangiza kuti foni ilowe m'kalasi pokhapokha ngati ikuthandizadi maphunziro. Australia inakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ana osafika zaka 16 kukhala ndi akaunti m'masamba a mchezo. Koma chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife n'cha tauni yaing'ono ya Greystones ku Ireland, kumene mu 2023 makolo a sukulu za pulaimale zisanu ndi zitatu anagwirizana okha, popanda lamulo la boma, kuti ana awo asakhale ndi mafoni a intaneti mpaka atalowa sekondale. Anazindikira kuti kholo limodzi silingapirire kulira kwa mwana amene akuti anzanga onse ali nayo, koma makolo ambiri akayankhula chimodzi, mawu oti anzanga onse amatha mphamvu.

Kutsutsa kumene ndimakuona kolemera kuposa kwina konse n'kwa amene akuti iyi ndi nkhani ya anthu a ku Mulunguzi ndi ku Kalimbuka, osati ya ku Sadzi kumene makolo ambiri akuvutika kupeza ufa ndi lendi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja amene anali ndi foni m'dziko muno anali pafupifupi theka chabe, ndipo n'zoona kuti ana ambiri m'malokeshoni alibe yawoyawo ngakhale lero. Koma kuchepa kwa mafoni ndi kumene kumachititsa kuti foni imodzi izunguliridwe ndi ana ambiri. Mwana wopanda foni amabwereka ya mayi ake ponamizira homuweki, amasunga simu khadi yake m'kope n'kumaiika mufoni ya mnzake, ndipo mafilimu amayenda pa memore khadi ndi pa Bluetooth popanda bandulo iliyonse. Komanso mwana wa m'banja losauka ndi amene foni imamuika pangozi yaikulu, chifukwa iye ndiye amasekedwa, ndipo iye ndiye amene munthu woipa amamupeza mosavuta ndi lonjezo la foni. Mayi amene amalawirira kumsika wa Mpondabwino n'kubwera kutada sangathe kuona zonse zimene mwana wake akuchita masana, ndipo amadalira maso ndi pakamwa pa aneba kuposa mayi amene ali ndi mpanda wa njerwa ndi wantchito. Mgwirizano wa makolo umateteza kwambiri amene alibe china chodzitetezera.

Adzatinso ana ndi ochenjera kuposa ife pa zipangizozi, adzabisa basi. Ena adzabisadi, monga mmene ana ena amazembetsera mafoni m'sukulu zogonera ngakhale malamulo amaletsa. Koma mwana amabisa mosavuta pamene makolo salankhulana, chifukwa amauza kwawo kuti foniyi ndi ya mnzanga, mnzakeyo n'kuuzanso kwawo chimodzimodzi, ndipo palibe amene amapita kukafunsa. Kungodziwa kuti amayi anga ndi amake a uje amauzana zoona kumasintha khalidwe la mwana kuposa chikwapu. Ndipo tisadzinamize kuti ana aphunzira kwina zimene akuchitazi. Aona akuluakulu akujambula ngozi pamsewu wa ku Blantyre m'malo mothandiza ovulala, akuika nkhope ya malemu pa sitetasi achibale ake asanauzidwe za malirowo, akuyankha foni pakati pa ulaliki, akuwerengerana mauthenga a m'banja la wina n'kumaseka. Kholo limene limatumiza chilichonse chimene lalandira lilibe mawu ouza mwana kuti asatumize chithunzi cha mnzake.

Malo ochitira zimenezi tili nawo kale, ndipo safuna thandizo la ndalama kuchokera kunja. Sukulu zambiri za pulaimale zili ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi komanso gulu la amayi oyang'anira atsikana. Tili ndi mafumu ndi mabuloku lida, miphakati ya Akatolika, amayi a Mvano, makomiti a m'mizikiti ndi m'madarasa, ndi magulu a banki mkhonde amene amakumana mlungu uliwonse mosaphonya. Pa msonkhano wa makolo wa teremu ikubwerayi, pambuyo pa nkhani ya ndalama ya chitukuko ndi ya phala, papezeke kholo limodzi loimika dzanja n'kupempha kuti nkhani ya mafoni ikambidwe. Mfundo zake zikwane patsamba limodzi la kope: wamkulu asapatse mwana wa mnzake foni kapena kutenga nambala yake makolo osadziwa, lamulo la mwini khomo lilemekezedwe, nkhani ya mwana ipite kwa kholo lake maso ndi maso, chithunzi cha mwana wa eni chisaikidwe popanda kupempha, ndipo m'gulupu ya sukulu musatchulidwe dzina la mwana pa cholakwa chilichonse. Ngati makolo a kalasi imodzi angafikenso pogwirizana msinkhu woyambira foni ya intaneti, zingakhale bwino koposa. Sionse adzavomere tsiku loyamba, ndipo okanawo asanyozedwe. Makolo khumi okha a Sitandade 7 atayamba, n'kupatsana manambala awo ndi lonjezo loti adzauzana zoona ndi kulandirana mwaulemu, ana a kalasi imeneyo adzakhala otetezeka kuposa mmene alili lero.